Laputopu ya Kabatani Isazime

9 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni kumeneko. Amayi ali bwanji? Nanga alamu, msana uja unasiya? Ine kuno ndilipo, kungoti kuzizira kwandilowa m'mafupa, ndipo ntchito ya ku situdiyo yandiiwalitsa kumene dzuwa limatulukira.

Mawu amene unajambula pafoni n'kunditumizira tsiku lokumbukira imfa ya mng'ono wanga Kabatani ndinawalandira. Sunalembepo kanthu, koma ndakumva. Umafuna andilase, poti ngakhale kumaliro kwake sindinaoneke. Andilasadi, koma osati pamene unalunjika.

Uyenera kudziwa mmene zinthu zilili kuno. Nyimbo timapangira pa kompyuta, ndipo mapulogalamu athu opangira mawu, amene timawatcha masinthi, ndi odula komanso onenepa. Sinthi iliyonse ili ndi mawu zikwizikwi, osalala ngati pansi pa chipatala. Vuto n'lakuti anzathu onse ali ndi omwewo, ndiye nyimbo zathu zikufanana ngati mazira. Mwini situdiyo wakhala akundiyang'ana ndi diso loipa kuyambira chaka chatha. Koma nditamuikira mawu ako aja, munthu amene satembenuka ngakhale umuitane dzina anatembenuza mpando n'kufunsa kuti, “Chimenecho wachitenga kuti?”

Ine ndawazindikira. Akuchokera m'kasinthi kakale kaulere kaja, kotuwa, ka timabatani tochepa, kamene ndinaika mu laputopu yanga ndisanamusiyire Kabatani. Ndinali nditakaiwala kalekale. Sindinkadziwa kuti m'kachinthu konyozeka kaja mungatuluke kulira kotere, kokhuthala, kopuma ngati munthu.

Undithandize. Jambula sikirini yonse kuti ndione mmene anapotolera timabatani, ndipo zithunzizo unditumizire msanga. Amayi uwauze kuti ndimawakumbuka.

Ine mlongo wako.

24 Febuluwale

Achimwene,

Zikomo kuti mukadali moyo. Tinayamba kuganiza kuti kumeneko zala zimaduka ndi chisanu. Msana wa alamu anu unachira kalekale, unayambiranso, n'kuchiranso, inu muli zii. Nditaona kalata yanu ndinadziwiratu kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Zithunzi ndatumiza. Koma poti mwafunsa za laputopu, imvani zimene simunafunse. Laputopu imeneyi sinazimepo chimwalirire Kabatani.

Miyezi yomaliza ya matenda ake ankagona m'kachipinda koyandikana ndi khitchini kaja. Tinamutsitsira thebulo lositira kuti lifanane ndi bedi, n'kuikapo laputopu ndi kakiyibodi kake koimbira. Pamenepo m'pamene anapangira mawu amene atembenuza bwana wanuwo. Kapulogalamu kamene munamusiyira n'koyesera chabe, sikasunga kanthu. Ukadina posunga kamati ulipire kaye, ndipo kampani yoti uilipireyo inatha kale. Choncho mawuwo ali moyo chifukwa chakuti makinawo ali chiyakire. Atatsala pang'ono kutisiya anandigwira mkono n'kunena kuti, “Chemwali, isazime. Ikazima ndafa kawiri.”

Alamu anu anailumikiza ku batire la galimoto la ku galaja kwawo, kuti magetsi akathima isamve kanthu. Ine ndikakhala kuntchito kwanga ku famase n'kuona magetsi aphethira, mtima umathamangira kunyumba mapazi asananyamuke.

Amayi akasesa m'mawa amalowa m'kachipindamo, n'kudina makiyi atatu a pa kakiyibodi amene ndinawadontheza utoto wofiira wa zikhadabo kuti asasokere. Mawuwo satuluka mofanana kawiri. Lero anjenjemera, mawa atsika, mkuja achedwa kutha. Amayi amati n'chimodzimodzi mmene ankang'ung'udzira ndi mphuno akamatsuka mbale, ndipo amati amawayankha. Ine sinditsutsa. Pa zimene ndinakujambulirani zija amayi akumveka chapansipansi akumupatsa moni, koma mwina simunawamve, poti makutu anu anali pa malonda.

Amayi sindinawauze kuti mumawakumbuka. Sindinazolowere kuwanamiza.

Mlongo wanu.

11 Marichi

Mlongo wanga,

Moni. Lilime lako likadali lakuthwa, ndiye kuti uli bwino.

Kasinthi kaja ndinakafukula pa intaneti, pamalo pamene anthu amataya mapulogalamu akale. Nditakatsegula ndinaseka ndekha. Timabatani tingapo basi, palibe zithunzi zowala, palibe mawu opangiratu. Chilichonse uyenera kupanga ndi dzanja lako. Ndakhala nako sabata yonse, ndipo kunena zoona sindinasangalalepo ndi ntchito chonchi chibwerereni kuno.

Koma mawu a Kabatani sakutuluka. Ndapotola batani lililonse mmene likuonekera pa zithunzi zako, koma zikungomveka ngati m'bale wake wapatali. Chifukwa chake ndachipeza. Pakona ya sikirini pali kabokosi kamene munthu amajambulamo mzere ndi mausi ya kompyuta, ndipo mzere umenewo ndiwo muzu wa mawu onse. Kabatani anajambula wake ndi dzanja lonjenjemera la wodwala. Mzere wotero suukopera pachithunzi. Zimene unajambula pafoni zija nazonso n'zakufa, zimangobwereza zomwezo, pamene ine ndikufuna zamoyozo, zoti ndiziimbe ndi zala zanga.

Ndiye tichite chonchi. Ndikudziwa munthu wokonza makompyuta kumeneko. Abwere adzakope zonse za m'katimo anditumizire. Mwini situdiyo wandipatsa mpaka mwezi wa Juni. Ndikapanda kumubweretsera nyimbo yokhala ndi mawu amenewa, mpando wanga akhalapo wina, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chimangiriridwa ku mpando umenewo.

Usaiwale kuti laputopuyo ndi yanga. Ndinamubwereka, sindinamupatse. Pulogalamuyo ndinaikamo ndine. Komanso makina okalamba chonchi adzazima okha tsiku lina, ufune usafune, ndiye n'chifukwa chiyani mawuwo afere m'kachipinda konunkha mankhwala pamene dziko lonse likanawamva? Amayi ndiwagulira laputopu yatsopano, yopyapyala, azionerapo makwaya.

Chibale ndi fupa, sichiola. Undiyankhe msanga.

Ine mlongo wako.

27 Marichi

Achimwene,

Tili bwino. Yankho n'lakuti ayi.

Ndinafunsa mnzanga amene amayang'anira makompyuta a ku famase. Akuti chinthu chimene sichinasungidwe sichikhala pa disiki, chimakhala m'mutu mwa makina, ndipo kuchitulutsamo makinawo ali chiyakire ndi ntchito imene iye sangayerekeze. Inu ndinu katswiri, zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Mukungofuna kuyesa mwayi ndi chinthu cha eni.

Mwati munamubwereka. Ine ndinalipo tsiku limenelo. Munkalongedza sutikesi, laputopuyo inakulemerani, ndipo munaiponya pabedi lake ngati nsapato yothina. Kodi mukukumbuka atakuimbirani foni chaka chotsatira kuti mumve kanyimbo kake? Anaika foni pa sipika kuti amayi amve mmene achimwene ake a ku situdiyo amuyamikirire. Inu munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, “Iwe, chidole chimenecho ukuseweretsabe? Kaphunzire utelala.” Anaseka nawo, mwana uja, koma anatha mwezi wathunthu osatsegula laputopu.

Lero chidole chasanduka khasu lanu lodyera. Ndiye mwati mawuwo asafere m'kachipinda konunkha mankhwala. Mukudziwa bwanji fungo lake, poti simunalowemo? Ine ndi amayi ndife tinkachapa zofunda za m'menemo.

Mpando wanu ukakutayani mubwere. Kachipindako kali ndi bedi, ndipo alamu anu akufuna munthu wotsuka masipanala. Koma laputopu ija simuikhudza, inuyo kapena mthenga wanu, ine ndili moyo. Nkhaniyi amayi sindinawauze, ndipo musawavutitse nayo.

Mlongo wanu.

14 Epulo

Okondedwa amayi,

Ndine mwana wanu woyamba. Ndikhulupirira kuti thupi lili bwino ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa. Kalatayi ndapatsira munthu kuti akupatseni pamanja, chifukwa ndi ya inu nokha.

Amayi, ndinalakwa kukhala chete. Manyazi ndi amene anandimanga pakamwa. Koma chimvereni mawu a mng'ono wanga aja, tulo sindikupeza. Ndikufuna ndimupangire nyimbo ya chikumbutso, dzina lake lilembedwe pamwamba penipeni, kuti anthu a mayiko onse adziwe kuti munabereka mwana waluso. Ndinamunyoza ali moyo. Mundilole ndimulemekeze tsopano.

Kudzabwera bambo wina wokonza makompyuta. Adzangolumikiza kachingwe n'kutunga mawuwo, monga mmene munthu amatungira madzi, chitsime n'kutsala pomwepo. Laputopu siichoka pamalo pake ndipo palibe chidzasinthe.

Mlongo wanga wakana, koma inu mukumudziwa, akapsa mtima samva za munthu. Amaona ngati Kabatani anali wake yekha. Musamuuze, tingayambanitse nyumba pachabe. Bamboyo abwere iye ali kuntchito, ndipo nyimbo ikadzatuluka adzakhala woyamba kulira ndi chimwemwe.

Ine mwana wanu.

25 Epulo

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga mpaka magalasi anachita nthunzi. Ndili bwino, mankhwala ndikumwa ndikakumbukira. Dzanja langa ulikhululukire, zilembo zikupita kumene zafuna.

Ndinkadziwa kuti udzabwerera. Anzanga a mumsewu muno ankati mwana wanu uja anakutayani, ine ndinkati ayi, ntchito ndi yomwe yamupanikiza. M'mawa uno ndamuuza mng'ono wako kuti achimwene ako akufuna kukupangira nyimbo. Ndikukuuza zoona, anayankha motalika kuposa masiku onse, mpaka ndinachita kukhala pansi pabedi.

Bamboyo abwere Lachinayi, mlongo wako amakhala ku famase tsiku lonse. Kumubisira zinthu mwana amene amandisamala kukundilemera, koma ndikufuna ana anga onse atatu adzakumane, ngakhale mukhale mu nyimbo. Dzina lake ulembe lenileni, la pa ubatizo, osati la Kabatani lokha. Iye ankalikonda la Kabatani poti unamupatsa ndiwe, masiku amene ankakutsatira n'kumagwira mabatani a wailesi yako, koma pa nyimbo pakhale onse awiri.

Uzivala zokhuthala. Laputopu yatsopano imene anandiuza munthu wako kuti ukufuna kundigulira usavutike nayo, ine yanga ndili nayo.

Mayi ako.

2 Meyi

Achimwene,

Sindikufunsani moyo.

Munthu wanu anabwera Lachinayi. Ndikuuzani zonse mwadongosolo kuti musadzanene kuti simunamve. Anafika ndi kachikwama ka zida, waulemu wake, anavula nsapato pakhomo. Amayi anamulowetsa m'kachipinda muja n'kupita kukhitchini kukamuphikira tiyi, poti mlendo wa mwana wawo sangabwerere kukamwa kouma. Iye anapeza makina otentha, fani ikulira, fumbi lili tho. Anachita zimene amachita kwa kasitomala aliyense. Laputopuyo anaizimitsa, anaimasula, anatulutsa disiki n'kukopa, anapemerera fumbi, n'kubwezeretsa. Chingwe cha batire la alamu anu anachikulunga bwinobwino n'kuchiika pambali.

Amayi atalowa ndi thireyi ya tiyi, bamboyo anawalandira akumwetulira, amvekere, “Mayi, ndakutsukiraninso, imeneyo ndi basela. Tsopano ikuthamanga ngati yatsopano.”

Amayi anamuthokoza. Iye atamwa tiyi wake, anamuperekeza mpaka pageti. Atabwerera anapeza sikirini ili ndi chithunzi cha mapiri. Anaitana mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuti awatsegulire kapulogalamu kotuwa kaja, ndipo katatseguka anadina makiyi ofiira aja. Munatuluka kulira kowonda, kwa tiii, ngati lole ikubwerera m'mbuyo.

Ine ndinawapeza madzulo atakhala pabedi, tiyi wawo atazizira, akudinabe. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, “Kodi wakwiya nane?”

Bamboyo ndinakamupeza kushopu kwake. Nditamufotokozera anakhala pansi pa bokosi n'kugwira mutu. Akuti munamuuza zinthu ziwiri zokha, kuti afulumire ndiponso kuti abwere ine kulibe. Zoti makinawo asazime simunatchule. Akuti mukanatchula akanakana ntchitoyo, chifukwa sadziwa njira yokopera zinthu zotero. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake simunatchule. Munati mwina mwayi ugwa, disiki ikhala ndi kanthu, ndipo ikapanda kukhala nako woluza si inu.

Zithunzi zija ndayesa kuzitsatira, batani ndi batani, mzere uja ndajambula mpaka dzanja kuuma. Amayi amamvetsera n'kupukusa mutu. Ndimadana nanu, achimwene. Ndalemba kuti muwerenge ndi maso anu.

Mlongo wake wa Kabatani.

20 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna mtima wako uyambe watsika, komanso kuno kunali moto.

Zimene zinachitikazo zandipweteka inenso. Disiki inafika, ndipo mulibe kanthu koma zithunzi za amphaka ndi tinyimbo take tosamaliza. Munthu ujayo ndi mbuli. Aliyense wodziwa ntchito amayamba wayang'ana zimene zili pa sikirini asanazimitse, sindinkaganiza kuti n'zofunika kumuuza. Koma nawenso udzifunse. Ukanavomera pachiyambi, bwenzi ulipo tsikulo n'kumuletsa. Kuuma mutu kwako n'kumene kunandikakamiza kudzera kwa amayi. Ndipo chilungamo chake, si bwino munthu wamkulu kumalankhula ndi makina m'mawa uliwonse. Mwina zachitikazi ziwathandiza kuvomereza kuti mwana anapita. Madzi akatayika saoleka.

Nkhani yabwino n'njakuti mpando wanga sunapite. Ndinagwiritsa ntchito zimene ndinali nazo, ndipo nyimbo yatuluka sabata yathayi. Ikuyenda kuposa mmene tinkaganizira. Atolankhani a zanyimbo akundifunsa kuti nzeru yobwerera ku timasinthi takale ndinaitenga kuti, ndipo anyamata a kuno ayamba kufukula kapulogalamu kaja ngati mbatata. Mwini situdiyo tsopano amandiphikira khofi yekha.

Za dzina la Kabatani zinavuta. Pangano langa limalola dzina limodzi lokha pa nyimbo, ndipo maloya a kuno sadziwa chibale. Ndidzamutchula ndikadzapeza mpata wabwino. Amayi uwafotokozere mwanzeru, iwe umadziwa kuwalankhula.

Laputopu yatsopano ija ikubwera mwezi wamawa.

Ine mlongo wako.

8 Julayi

Achimwene,

Palibe chimene ndawafotokozera. Nyimbo yanu yadzifotokozera yokha.

Lachiwiri amayi anabwera ku famase kudzatenga mankhwala awo. Pafupi nafe pali shopu ya mafoni imene imaika chisipika pakhomo. Tikutuluka, chisipikacho chinayamba kugunda, ndipo pansi pa ng'omazo ndinamva kung'ung'udza kuja. Ndinawagwira mkono kuti tiwoloke msewu msanga, koma anaima nji. Kenako panabwera mawu a mzimayi, odulidwadulidwa, obwerezedwa motsatira ng'oma: wadzuka, wadzuka, wadzuka bwanji mwanangu. Atsikana awiri amene ankadikira basi ankavina n'kumayesezera mawuwo, akuseka.

Ndiye kuti munawamva. Ine ndinkati makutu anu anali pa malonda, osadziwa kuti amayinso mwawaika pa malonda pomwepo. Moni umene ankapatsa mwana wawo wakufa, chitseko chili chotseka, mwaudula ngati kabichi kuti anthu avinire.

Anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Wa shopu uja atawaona anawafunsa ngati aikonda, n'kuwauza dzina la woimba, limodzi lokha, lanu la pa siteji lija. Amayi anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, “Ndine ameneyo?”

Ndinati eya. Ndinakuuzani kale kuti sindinazolowere kuwanamiza. Mlandu wanga ndi umodzi, kuti ndinakutumizirani mawuwo poganiza kuti muli ndi polasa.

Amayi akulemberani okha.

16 Julayi

Kwa woimba,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mukuvala zokhuthala. Ine ndilipo.

Nyimbo yanu ndaimva. Akuti anthu akuikonda, ndiye ndikuyamikireni. Laputopu yatsopano yafika, ndapereka kusukulu ya mumsewu muno, ana aziphunzirira.

Chiyambire tsiku lija la tiyi, m'mawa uliwonse ndakhala ndikulowabe m'kachipinda muja. Ndinkadina makiyi ofiira, n'kumva kulira kwa lole kuja, n'kupereka moni wanga. Ndinkati mwina wangokwiya, mwana sakwiyira mayi ake mpaka kalekale. Koma chimvereni mawu anga pakhomo la shopu, moniwo sukutulukanso. Ndikati nditsegule pakamwa ndimamva ng'oma. Munatenga kuyankha kwake, ndinapirira. Tsopano mwatenganso kufunsa kwanga.

Wokonza makompyuta uja musamunene. Anabwera kudzapepesa, anagwada pakhonde, munthu wamkulu ndi imvi zake. Iye anazimitsa chinthu chimene sankachidziwa. Chitseko ndinatsegula ndine, ndipo ndinatsegulira kalata yanu.

Munauza mwana wanga wamkazi kuti laputopu yakale ija ndi yanu, munangomubwereka malemuyo. Chobwereka chimabwezedwa. Ndaikulunga m'thawulo pamodzi ndi kakiyibodi kake, ndipo munthu amene anabweretsa kalata yanu ija ainyamula. Utoto wofiira sindinafute. Mukaiyatsa mudine makiyi atatuwo, mumve zimene munandisiyira.

Dzulo kuchipatala namwino watsopano anandifunsa kuti ndili ndi ana angati. Ndinati awiri, wina ali ku famase, wina ali kumanda. Sindinachite kuganizira, zinangotuluka, ndipo mtima sunanditsutse.

Musavutike kuyankha.

Ine,
mayi wa Kabatani ndi mlongo wake.